Kodi Senna Adangochita Mwayi ndi Mvula ku Donington?

Wina mwa inu wandilembera pa imelo kuti: "Achimwene, anthu amangokhalira kutama Ayrton Senna pa mpikisano wa ku Donington. Kodi si mvula chabe imene idamupatsa mwayi?"

Ayi ndithu, akulu. Mvula ija idagwera onse.

Linali Lamulungu la Isitala, pa 11 Epulo 1993, pa mpikisano wa galimoto wa Formula 1 ku Donington Park ku England. Galimoto zoopsa chaka chimenecho zinali za Williams, zoyendetsedwa ndi Alain Prost ndi Damon Hill, za injini ya Renault V10. McLaren ya Senna inali ndi Ford V8, yochepa mphamvu. Pouma, akadangowaonera kumsana.

Senna adayambira pa nambala 4, ndipo ponyamuka Michael Schumacher adamupanikiza mpaka adatsikira pa 5. Kenaka zidachitika zija mumaonera pa YouTube. Adadutsa Schumacher potuluka pa kona ya Redgate, n'kuzungulira Karl Wendlinger chakunja pa makona a Craner Curves, pamene ena onse ankaopa kuterereka. Hill adam'peza pa kona ya McLeans, Prost pa kona ya Melbourne Hairpin. Asanamalize n'komwe ulendo woyamba mwa maulendo 76 ozungulira bwalolo, anali ali patsogolo.

Koma kwa ine mpikisano sudatherepo apa. Nkhani idagona pa matayala. Mvula inkati yagwa, yakata, yagwanso. Matayala a mizere amakankhira madzi kumbali, koma pouma amatentha n'kutha msanga. Osalala amagwira bwino pouma, pamadzi n'kumayandama. Ndiye dalaivala ankayenera kuyang'ana mitambo uku akuthamanga. Prost adapatuka kukasintha matayala ka 7, nthawi ina injini n'kumuzimira pomwepo. Senna adasintha ka 4 kokha. Pakatikati mvula itabweranso, a Williams adathamangira matayala a mizere, iye n'kukakamira osalala, msewu n'kuumadi. Kumeneko n'kuwerenga nyengo, osati mwayi.

Chilungamo chake, McLaren ija sinali ngolo: inali ndi zipangizo za kompyuta zoletsa matayala kupota. Komabe Williams inali nazonso.

Senna adapambana, Hill adafika wachiwiri patapita masekondi 83. Prost, wachitatu, anali atasiyidwa ndi ulendo wathunthu. Chondiseketsa mpaka lero n'chakuti ulendo wachangu kwambiri tsikulo Senna adaupanga podutsa mumsewu wosinthira matayala: adalowa, adapeza amakaniko ake sanakonzeke, adangopitirira osaima. Ndipo poti wothandiza mpikisanowo ndi ndalama anali Sega, kampani ya magemu a pa kompyuta, chikho chimene adanyamula chinali chidole cha Sonic the Hedgehog, kanyama ka m'magemu awo.