Kwa asisi afunsa za payiloti wokana thumba uja

Asisi, mwafunsa kuti bwanji payiloti wa kandege kakang'ono kopita ku Likoma anakukwezani pa sikelo inu ndi zikwama zomwe kenako nkukana thumba lanu la ufa pomwe mpando wina unali opanda munthu, ndipo ena pano akuti ndi matama chabe. Ine ndikukana, ameneyo ndiye payiloti, thumbalo likanatha kukwera Ilala koma inu mumafunika mukafike.

Nkhani yonse ndi mpweya. Kukatentha mpweya umapepuka, malo akakhala okwera umapepukanso, ndiye mapiko, propela ndi injini zonse zimasowa chogwira. Chileka yathuyi ili pa mafiti pafupifupi 2,500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamenepo mabuku a ndege amawerengera madigiri 10 okha, tsono taganizani masana a Okotobala kuli 33 phula likuchita kunyezimira. Digiri iliyonse yoonjezera ili ngati mwakweza bwalolo ndi mafiti 120, kuwerengera bwino kandege kaja kamamva ngati kakunyamukira pa mafiti oposa 5,000, ndipo injini yopanda turbo (kachipangizo kokankhira mpweya mu injini) ngati ya kandege ka Cessna 172 imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 pa mafiti 1,000 aliwonse. Nchifukwa chake amakonda kunyamuka mmamawa kusanatenthe, sikuti amangofuna kukudzutsani.

Ku Chileka sizidetsa nkhawa kwenikweni, msewu wake ndi wautali mpaka Boeing imatera. Vuto ndi timabwalo tating'ono, ku Nchalo kotentha kuja, kunyanja, kapena ku Chelinda pa Nyika komwe ndi kokwera kuposa mafiti 7,000. Kulemera kukakwera ndi 10 pa 100, mtunda wothamanga isanadzuke umakwera ndi pafupifupi 20 pa 100. Udzu wonyowa umaonjezera cha mma 30 pa 100, mphepo yochokera kumbuyo nayonso imadya msewu, ndipo zinthuzi zimachulukitsana, sizingophatikizana ayi. Ndiye mpando opanda munthu sutanthauza kanthu, mafuta mmapikomo nawonso ndi katundu. Komanso katundu akachuluka kumchira mphuno imadzuka yokha, zoopsa kwambiri zimenezo.

Payiloti wabwino asanayatse nkomwe amakhala atasankha kale chizindikiro, kaya mtengo kaya kanyumba, chomwe chili mmbali pa theka la msewu wonyamukira. Lamulo lomwe ambiri amaphunzitsidwa ndi loti ukafika theka la msewu liwiro lisanakwane 70 pa 100 ya lonyamukira, tseka mafuta, ponda mabuleki, basi. Amene amagwa nthawi zambiri ndi uja amati ikwera ikwera, akuona mitengo ikubwera nkukoka chiwongolero mwamphamvu liwiro lisanakwane, ndege imadzuka pang'ono chifukwa pafupi ndi nthaka mapiko amathandizika, ikangokwera pang'ono mapiko amasiya kugwira mpweya nkugwa chammbali. Onjezani mbuzi, ana ndi a kabaza odutsa pabwalo poti kwa iwo ndi njira yachidule yakumsika kkkk.

Mukamuona akutapa mafuta mkabotolo pansi pa phiko akuona ngati mwalowa madzi, makamaka nthawi ya dzinja, mafuta ake ndi abuluu ndiye madzi amaonekera pansi. Madzi amenewo amatha kuzimitsa injini ndege itangodzuka. Zikatero chophunzitsidwa ndi kutsitsa mphuno msanga nkutera kutsogolo komweko, kaya mmunda mwa chimanga, osakhota kubwerera kubwalo, kukhota uli pansi liwiro lili lochepa kwapha anthu ambiri amene akanatuluka ndi mabala okha.

Achimwene ena pano atchula ngozi ya ku Chikangawa ya pa 10 Juni 2024 ija, imene inatenga a Chilima ndi anzawo 8, imeneyo inali Dornier 228 ya asilikali ndipo inagwa ili kale paulendo nyengo itaipa, siyapoonyamuka.

Inu asisi ulendo wina akafunsa makilo nenani enieni osachotsera manyazi, khalani mpando umene wakupatsani, ndipo kuyambira pomwe injini yakwezedwa mpaka mwakwera bwinobwino musamuyankhulitse, pokhapokha mwaona chitseko sichinatsekeke kapena chinthu pamsewu.