Ngongole ya nyumba yatikulira: kodi boma lingatithandize?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Salima amene anamanga nyumba ndi ngongole ya kubanki. Amuna awo ntchito inawathera, papita miyezi iwiri osapereka kanthu, ndipo kalata imene banki inatumiza ili pamwamba pa kabati, yosatsegula, chifukwa aliyense m'nyumbamo akuiopa. Akufunsa ngati pali ofesi ya boma imene ingawapulumutsire nyumbayo.

Mayi, musayembekezere kuti boma likulipirirani ngongoleyo. Chimene lingakupatseni ndi malamulo okutetezani komanso maofesi okadandaulako, ndipo zonsezi zimathandiza munthu amene wafulumira. Choncho tsitsani kalatayo lero lomwe, muiwerenge, ndipo mulembe tsiku limene munailandira.

Tsikulo ndi lofunika chifukwa cha lamulo la Registered Land Act. Ngati malo anu analembetsedwa pansi pa lamuloli, banki ikhoza kukupatsani chidziwitso cholembedwa mukangotha mwezi umodzi osalipira, koma siingagulitse nyumbayo isanathe miyezi 3 chilandirireni chidziwitsocho. Anthu ambiri miyezi imeneyi amaitaya pozimitsa foni ndi kulambalala khomo la banki, kenako amadzidzimuka ataona nyumba yawo yalengezedwa m'nyuzipepala kuti ili pa okushoni. Zimandiwawa kwambiri, chifukwa imeneyo ndiyo nthawi imene banki ikadamva pempho lawo.

Pitani kubankiko limodzi ndi bambo akunyumba, mutatenga kalata yowachotsera ntchito. Pemphani sitetimenti yoonetsa ndalama zimene munabwereka, chiwongoladzanja ndi zilango, chilichonse pachokhapachokha. Musadabwe mukapeza kuti ndalama ya pamwezi inakwera: kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti mu 2024, ndipo ngongole zambiri za nyumba zimatsatira komweko. Mukatero lembani kalata yopempha kuti akutalikitsireni zaka zobwezera kapena akupumitseni kwa miyezi ingapo, ndipo mutchule ndalama yeniyeni imene mungathe, ngakhale itakhala ya lendi ya zipinda ziwiri zakuseri. Funsaninso za inshuwalansi imene mwina munkadulidwa pamodzi ndi ngongoleyo, muone ngati imakhudza kutha kwa ntchito kapena imfa ndi kulumala basi. Kalata iliyonse muzisunga kope lake lodindidwa chidindo cha banki, pakuti lonjezo lapakamwa la kalaliki silidzakuimirirani kukhoti.

Banki ikakana kukumverani, kapena mukaona kuti mawerengedwe ake ndi okayikitsa, kadandauleni ku Reserve Bank, imene imayang'anira mabanki onse ndipo imalandira madandaulo a makasitomala. Iwo adzafuna umboni wakuti munayamba mwadandaula kubanki yanu. Ngati nkhani yafika pogulitsa, a Legal Aid Bureau ndiwo maloya a boma othandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya, ndipo ulendo wokaonana nawo ndi wotchipa kusiyana ndi kutaya nyumba. Loya ndiye angaone ngati banki inatsata ndondomeko, ndiponso ngati pali chifukwa chokapemphera chiletso kukhoti.

Ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti musapite kwa akatapila. Mudzatseka miyezi iwiriyo, koma mwezi wotsatira mudzakhala ndi ngongole ziwiri, ndipo wakatapila sadikira miyezi 3.

Mukawerengera bwino n'kuona kuti ndalama sizidzakwanabe, pemphani banki ikuloleni kupeza nokha wogula, popeza mtengo wa pa okushoni kawirikawiri umakhala wotsika. Ngongole ndi zolipira zina zikachotsedwa, ndalama yotsalayo ndi yanu mwalamulo, ndipo ikhoza kukugulirani puloti ina konko ku Salima.