Achemwali, pa awiriwo yambani ndi adapalene

Achemwali, mwati adokotala anakuuzani kuti pa ziphuphu zanuzo mutha kudzola tretinoin kapena adapalene ndiye simukudziwa kuti mutenge uti, komanso chikukuwawani kwambiri ndi madontho akuda otsala chiphuphu chikapola. Ine ndikuti tengani adapalene wa 0.1%, uja ena amangoti Differin.

Nkhani ndi khungu lathuli. Onse awiri ndi ma retinoid, achibale a vitamin A, ntchito yawo nkuchotsa khungu lakufa msanga kuti timabowo ta pankhope tisamatsekeke ndi mafuta. Koma tretinoin amawotcha heve poyamba, mumadzuka mmawa m'mbali mwa mphuno ndi kuzungulira kamwa mwatuwa, khungu likusendeka tizidutswa, mukasamba madzi okha kumawawa. Ndiye ife akuda khungu likangopwetekeka limayankha ndi dontho lakuda, mapeto ake mankhwala ofuna kuchotsa madontho akuwonjezerani ena. Adapalene naye amaumitsa koma ndi wofatsa, anthu ambiri amatha kumupirira.

Sikuti tretinoin ndi woipa ayi, ndi wakalekale, ku America anamuvomereza pa ziphuphu mu 1971 ndipo amagwira ntchito zedi, amabwera wa 0.025%, 0.05% ndi 0.1%. Kungoti amafooka ndi dzuwa komanso mukamuphatikiza nthawi imodzi ndi benzoyl peroxide, mankhwala ena odzola a ziphuphu, amatha mphamvu. Adapalene alibe vuto limeneli, nchifukwa chake pali Epiduo, momwe anasakaniza kale adapalene 0.1% ndi benzoyl peroxide 2.5%, wabwino ngati ziphuphu zanu zili zofiira zamafinya. Bola mudziwe kuti benzoyl peroxide amasulutsa nsalu, pilo ndi thaulo zimachita mawanga. Palinso retinoid wina wotchedwa tazarotene, ameneyo ndi waukali kuposa onse, woyamba kumene asayambire pamenepo.

Apa pokha ndimveni bwino chonde. Ngati muli ndi pakati, mukukayikira kapena mukufuna kutenga mimba posachedwa, musadzole aliyense mwa ma retinoid amenewa, tazarotene ndiye woletsedwa kotheratu. Auzeni adokotala mosabisa, alipo ena ngati azelaic acid omwe angakupatseni mmalo mwake. Ngati mukuyamwitsa afunseninso kaye.

Kadzoledwe ndi komwe anthu ambiri amagwera. Usiku wokha, sambani ndi sopo wofewa osati wochapira uja, dikirani nkhope iumiretu, finyani kochepa kukula ngati njere ya nandolo basi, kameneko kakwane nkhope yonse osati kumangodontheza pa chiphuphu chokha poti mankhwalawa amaletsa ziphuphu zisanatuluke. Pewani zikope, milomo ndi m'makona mwa mphuno. Masabata awiri oyamba dzolani usiku umodzi nkudumpha awiri, kenako muzidumpha umodzi, khungu likazolowera ndiye tsiku lililonse. Pamwamba pake loshoni yopanda perefyumu. Kuno ku Zomba muwerengerenso nyengo, June ndi July mphepo yozizira yochokera kuphiri ija imaumitsa khungu payokha ndiye mukayamba nthawi imeneyo pitani nazo pang'onopang'ono, pomwe October dzuwa lake mukulidziwa, kungoyenda kuchoka ku Chikanda kukafika ku Chanco kapena kukwera kabaza masana nkhope yapsa kale. Pezani sunscreen, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, wolembedwa SPF 30 muzidzola mmawa uliwonse, ndikudziwa ndi wodula koma popanda iyeyo madontho aja amavuta kufufutika, chipewa kapena ambulera zimathandizanso.

Masabata oyambirira ziphuphu zitha kuoneka ngati zachuluka, ndipomwe ambiri amataya chubu nkumati sizikugwira. Musasiye. Kusintha kwenikweni kumaoneka pakatha masabata 8 mpaka 12, madontho akuda ndiye amatenga miyezi yoposerapo. Pakatipa osakhula nkhope ndi chinkhupule, osapaka ndimu kapena mankhwala otsukira mano, ndipo zala zichoke pa ziphuphuzo.

China chomwe chimandimvetsa chisoni, mumsika muli timachubu toyeretsa khungu tomwe ogulitsa amati timachotsanso ziphuphu. Tambiri timakhala ndi ma steroid ngati clobetasol kapena betamethasone, tina amasakaniza tretinoin yemweyo ndi hydroquinone ndi steroid ndiye munthu ukaona dzina umaganiza ndi zomwe adokotala ananena zija. Masiku oyamba nkhope imasalala, kenako ziphuphu zimabwera zochuluka kuposa kale ndipo khungu limapyapyala mpaka timitsempha kuonekera. Kaguleni ku famase ndi pepala la adokotala, muwerenge zolembedwa pa chubu musanalipire.

Ikatha miyezi 3 mukudzola mokhulupirika koma simukukhutira, bwererani mukapemphe adapalene wa 0.3% kapena tretinoin wa 0.025%, panthawiyo khungu likhala litazolowerako. Koma ngati ziphuphu zanu ndi zikuluzikulu zija zolimba mkati, zopweteka, zosiya maenje, musadikire miyezi imeneyo, zodzola zokha sizikwanira, pitani ku chipatala cha Zomba Central akakuoneni mwina akuwonjezereni akumwa ngati doxycycline.