Resiva ikungozima yokha masana

FUNSO: Achimwene anga anditumizira resiva ya 5.1 (makina okuzira mawu a TV, olumikizidwa ku masipika asanu ndi ina imodzi ya mabesi) kuchokera ku Johannesburg. Ndalumikiza masipika onse, koma mpira ukafika pokoma masana imangozima yokha. Yawonongeka? Ndine wowerenga wanu wa ku Nchalo.

YANKHO: Achimwene, musataye mtima, ikungodziteteza. Kutentha kwa ku Chigwa cha Shire mu Okotobala ndimakudziwa, ndinakhalako ku Ngabu. Resiva imapuma ndi timabowo tapamwamba pake. Ndikuganiza kuti mwaitsekera m'kabati, kapena mayi akunyumba ayalapo kansalu koluka kaja. Chotsanipo! Ikhale poyera, pamwamba pasiyidwe mpata wa chikhatho chathunthu, dikoda isakhale pamsana pake.

Ikapitirizabe, izimitseni muone kumbuyo. Kawaya kamodzi kothawa, kakagunda kanzake, n'kokwana kuzimitsa zonse. Potani mawaya bwino, wofiira pa chofiira, wakuda pa chakuda. Onaninso ma ohm, muyeso wa mmene sipika imakanira magetsi: masipika a 4 ohm pa resiva yofuna 6 kapena 8 amaitenthetsa msanga.

Sipika yapakati ikhale pansi pa TV, ndiyo imatulutsa mawu a anthu. Magetsi akazima, zulani pulagi mpaka atabwera bwinobwino.