Chikwama cha kamera chokwerera Mulanje: yambani ndi msana wanu

Kalata yomwe tikuyankha lero yachokera kwa bambo wina wa ku Zomba amene amajambula maukwati ndi zinkhoswe, koma tsopano mtima wawo uli kumapiri. Alemba kuti: "Mu Julayi ndikupita ku Mulanje masiku anayi, kuyambira ku Likhubula, kugona ku Chambe ndi ku Chisepo, kenako kukwera Sapitwa. Ndili ndi kamera imodzi, malenzi atatu a 16-35mm, 24-105mm ndi 70-200mm f/2.8, tripod ndi laputopu. Chikwama changa ndi chija chokoleka paphewa limodzi. Ndigule chikwama cha kamera cha malita angati, nanga zida ndiziteteze bwanji ku mvula?"

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Choyamba, chikwama cha phewa limodzicho chitsale ku Zomba. N'chabwino muholo ya ukwati, koma pachitunda chimakokera thupi mbali imodzi, chimalendewera mukawerama, ndipo dzanja limodzi limatangwanika n'kuchigwira pamene manja onse akufunika pathanthwe. Chachiwiri, musathamangire chilichonse cholembedwa kuti ndi cha kamera. Zambiri mwa izo anazisokera munthu wotsika m'galimoto n'kuyenda mtunda waufupi: siponji mbwee mkati, koma lamba wa m'chiuno wopyapyala ngati wa buluku, ndipo mulibe poika jekete kapena kamba. Kuphiri chimene chimayamba kugonja si kamera, ndi mapewa. Choncho sankhani chikwama chokwana msana wanu, kenako mupezere kamera malo mkati mwake.

Tiyeni tiwerengere kaye katunduyo. Kamera yopanda lenzi imalemera magalamu pafupifupi 700. Malenzi awiri aafupiwo pamodzi ndi kilogalamu imodzi ndi pang'ono. Ya 70-200mm f/2.8 ili pakati pa kilogalamu imodzi ndi imodzi ndi theka, kutengera mtundu wake. Tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu, ndi mutu wake, kilogalamu imodzi ndi theka kapena awiri. Mukaphatikiza mabatire, mafyuluta ndi zopukutira, mwafika kale pa makilogalamu 5 kapena 6. Madzi malita awiri ndi makilogalamu awiri ena. Jekete ya mvula, juzi, tochi ndi chakudya cha masana, awirinso. Chikwama chabwino chopanda kanthu chimalemera pafupifupi awiri. Apo ndiye makilogalamu 11 kapena 12, zogonera musanaziike. Okwera mapiri amati katundu asapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi, ndiye munthu wa makilogalamu 65 malire ake ndi 13. Kumbukiraninso kuti tsiku loyambalo, kuchoka ku Likhubula kufika ku Chambe, mukukwera mamita pafupifupi 1,000.

N'chifukwa chake laputopu itsale. M'nyumba zogona za m'phirimo musayembekezere potchajira, ndipo ntchito ya laputopu angaigwire makhadi owonjezera osungira zithunzi, osalemera kanthu. Pa malenzi, ya 16-35mm ndi ya 24-105mm zikulowerana, siyani imodzi. Ife tingasiye ya 24-105mm. Yaitali ija ya 70-200mm anthu ambiri ndi imene amayamba kuisiya chifukwa cha kulemera, komatu ndi imene imajambula Mulanje bwino: zitunda zondondozana m'mawa, nkhope ya thanthwe la Chambe, minda ya tiyi pansi potero ikuonekera m'mipata ya mitambo.

Tsopano za malita. Ngati mutenga wonyamula katundu ku Likhubula, ndipo tikukulimbikitsani kutero, chikwama chanu chikhale cha malita 30 mpaka 40. Zogonera, zovala zosinthira ndi chakudya cha masiku onse zipite m'chikwama chachiwiri. Ngati mukunyamula zonse nokha mufunika malita 55 mpaka 65, ndipo pamenepo malire a makilogalamu 13 aja muwadumpha ndithu. Chachikulu kuposa apo musagule, chifukwa malo otsala amakopa katundu wosafunika.

Koma nambala yofunika kwambiri si ya malita, ndi utali wa msana. Weramitsani mutu, mugwire fupa lotumphuka pamene khosi lakumana ndi mapewa. Kenako gwirani m'chiuno, zala zazikulu ziloze kumsana pamwamba pa mafupa a m'chiuno. Wina akuyezeni ndi tepi ya telala kuchokera pa fupa lija kufika pamzere wa zala zazikuluzo. Akuluakulu ambiri amapeza masentimita apakati pa 40 ndi 53. Anthu awiri aatali mofanana akhoza kusiyana misana, ndiye chikwama chokwana mnzanu sichitsimikiza kuti chikwana inu. Ngati chili chachifupi, lamba amakwera pamimba ndipo katundu yense amatsamira pamapewa. Ngati chili chachitali, malamba a m'mapewa amasiya mpata pamwamba ndipo chikwama chimagwedezeka. Zina zimakhala ndi potsitsira kapena pokwezera malamba a m'mapewa, ndipo zimenezo ndi zoyenera kuzifunafuna.

Lamba wa m'chiuno akhale wotambalala, wa siponji yolimba, ndipo alumikizike ku chimango cha mkati, kaya ndi timizati ta aluminiyamu kapena chipulasitiki cholimba chakumsana. Chimangocho ndi chimene chimatsitsira kulemera m'chiuno. Chikwama chimene mungachipinde pakati ngati mtsamiro sichingagwire ntchito imeneyi, ngakhale lamba wake atanenepa bwanji. Povala tsatirani dongosolo ili: masulani malamba onse, berekani, mangani wa m'chiuno atakhala pamwamba pa mafupa, kenako kokani a m'mapewa mpaka chikwama chikhudze msana. Mukatero kokani timalamba tiwiri tochokera pamwamba pa mapewa kupita kumutu kwa chikwama, topendekeka pafupifupi madigiri 45, n'kumalizira ndi ka pachifuwa, kosathina. Mukamanga bwino, chala chimalowa pansi pa lamba wa paphewa mosavuta. Ambiri amayamba ndi mapewa, ndipo ndi amene amamva dzanzi m'manja ola lisanathe.

Zikwama za f-stop, Shimoda kapena Lowepro zopangidwira okwera mapiri zili ndi zonsezi, koma mtengo wake ndi wokwera. Pa kaunjika pamapezeka zikwama zokwerera mapiri za Deuter kapena Osprey zomwe zimabereketsa bwino chimodzimodzi. Pitani ndi mapaketi a shuga khumi, muwaike mkati, muyende nacho mphindi khumi ndi zisanu. Yang'anani msoko pamene malamba a m'mapewa alumikizana ndi chikwama, tsekulani ndi kutseka zipi iliyonse kangapo, ndipo pisani dzanja mkati. Ngati nsalu ikumata kapena ikusupuka, utoto wake wotchinga madzi unatha, ndipo zinyenyeswa zake zidzalowa m'zida zanu. Chomangira chapulasitiki chothyoka chisakuopseni, chimasinthika. Chimango chothyoka ndiye chisiyeni.

Kamera ikhale m'kabokosi ka siponji kolowetsa m'chikwama, kamene m'masitolo amati camera insert. Ka malita 8 mpaka 10 kakwana kamera ndi malenzi awiri. Telala waluso akhoza kukusokerani ndi siponji yolimba ya sentimita imodzi, osati yofewa ya matiresi, yomwe imamwa madzi n'kuwasunga. Chimene chimaononga zida paulendo kawirikawiri si kugwa kamodzi, koma kugundana kwa tsiku lonse. Choncho pasakhale mpata. Mukagwedeza kabokosiko n'kumva china chikusuntha, tsekani mpatawo ndi sokosi yoyera. Lenzi yaitali ichotseni pa kamera mukamayenda mtunda wautali, chifukwa chikwama chikagunda pansi kulemera kwake konse kumakanikiza polumikizira, ndipo malowo akapindika pang'ono chabe, mbali imodzi ya chithunzi imayamba kutuluka yosaoneka bwino.

Kabokosiko kakhale pakati pa chikwama, motsamira msana. Pansi ikani zofewa monga juzi, kuti mukatula pamwala zikhale ngati nkhata. Pamwamba jekete ya mvula ndi kamba. Zolemera zikakhala kutali ndi msana zimakukokerani chagada pokwera, ndipo zikakhala pamwamba kwambiri zimakupepesulani potsika.

Kamera yotsekeredwa pansi pa katundu sijambula, ndipo kuwala kwa m'phiri sikudikira. Chikwama chotsekukira kumsana chili ndi ubwino woti pochitula, mbali yakunja ndi imene imagona pamatope, malamba amatsala oyera. Ngati chanu chikutsekukira pamwamba pokha, gulani kachitsulo komangirira kamera pa lamba wa paphewa, monga Capture ya Peak Design, kapena kachikwama ka pachifuwa. Chingwe cha m'khosi chokha n'choopsa, chifukwa mukawerama kuti mugwire mwala kamera imatsogola kukagunda mwalawo.

Tripod ilowe miyendo iwiri m'thumba la m'mbali, imangidwe ndi lamba wa pamwamba, ndipo botolo la madzi likhale mbali inayo kuti zilingane. Musanyamuke opanda kasipanala kake komangira zomasuka. Tsiku la Sapitwa ndi lina. Nsongayo ili pa mamita 3,002, ndipo njira yochokera ku Chisepo ili ndi malo okwawa pamatanthwe ndi opanikizika pakati pa miyala ikuluikulu. Chilichonse chotulukira kunja chimakola, ndipo chikakola pamalo otsetsereka chikhoza kukugwetsani. Tsiku limenelo chikwama chiphwe: kamera ilowe mkati pa malo ovutawo, tripod ilowe mkati kapena itsale ku Chisepo, malamba olendewera apindidwe.

Za mvula. Julayi si dzinja, koma ndi nyengo ya chiperoni, ndipo chiperoni chimanyowetsa mosiyana ndi mvula ya mabingu. Ndi nkhungu ndi mawawa oyenda ndi mphepo, olowa cham'mbali, nthawi zina masiku awiri kapena atatu osaleka. Chophimba cha mvula chobwera ndi chikwama chimatchinga kunja kokha, mbali ya kumsana imatsala poyera. Madzi amatsika ndi jekete yanu, kulowa pakati pa msana ndi chikwama, kenako kudikha pansi pa chophimbacho. Chitetezo chenicheni chikhale mkati: kabokosi ka kamera kalowe m'thumba losalowa madzi, dry bag ya malita 13 mpaka 20, yopindidwa kukamwa katatu musanaitseke. Ikasowa, majumbo awiri ochindikala, ina mkati mwa inzake, iliyonse yopotokoledwa kukamwa payokha, amagwira ntchito. Madzi akumwa asakhale chipinda chimodzi ndi kamera, ndipo mankhwala opaka othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET akhale kutali, chifukwa amasungunula pulasitiki ndi labala.

Pali chinyezi china chimene chimapusitsa ngakhale ojambula akale. Mwajambula kunja kukuzizira, mwalowa m'nyumba momwe moto ukuyaka ndipo zovala zonyowa zayanikidwa. Mpweya wofundawo ukakhudza galasi lozizira umasanduka mame, kunja ndi mkati momwe mwa lenzi, kumene nsalu singafike. Musanalowe, tsekerani kamera mu jumbo kapena mu dry bag muli panja, ndipo musatsekule mpaka patapita ola limodzi. Musaiwambe pamoto kuti iume msanga, ndipo ikhale kutali ndi utsi, womwe umasiya mafuta pagalasi. Mabatire ndi amene amafuna kufunda. Usiku wa Julayi pamwambapo kumazizira mpaka madzi kuundana nthawi zina, ndipo batire lozizira limaonetsa ngati latha pamene moto ulimo. Tengani atatu kapena anayi, muwasunge m'thumba la mkati mwa jekete masana, usiku mugone nawo. Power bank ya 20,000mAh ikwana masiku anayiwo ngati kamera yanu imatchajidwa ndi USB.

Mukabwerera kunyumba musaponye chikwama mu wadiropu chili chotseka. Mmenemo ndi mmene nguwi imayambira m'malenzi, timizere tonga ukonde wa kangaude tomwe timadya utoto wa pagalasi, ndipo imakonda mdima ndi chinyezi chopitirira 60 peresenti. Tulutsani zonse tsiku lomwelo, vundukulani malenzi pamalo opita mphepo, yanikani chikwama pamthunzi mazipi onse ali otsekula. Zida zisungidwe m'bokosi lotseka bwino lokhala ndi timapaketi ta silica gel, mikanda yoyamwa chinyezi. Timapaketiti tikakhuta chinyezi sitigwiranso ntchito. Mtundu wosintha maonekedwe umakuuzani wokha, ndipo mikanda yake imauma mu uvuni pa madigiri pafupifupi 110 kwa maola awiri. Mpunga usiyeni kukhitchini, fumbi lake limalowa m'kamera.

Chotsala ndi kagawidwe ka katundu ndi wonyamula uja. Anyamatawa phirili amalidziwa ndipo amayenda mofulumira, kotero nthawi zambiri amakhala patsogolo ndithu. Gwirizanani za kulemera kwa katundu musananyamuke, ndipo musawasenzetse mopitirira chifukwa choti sakudandaula. Apatseni zimene simuzifuna mpaka madzulo. Tripod akhoza kunyamula masiku oyenda kuchoka nyumba ina kupita ina, bola mwapangana pokumana dzuwa lisanapendeke. Kamera, malenzi, makhadi, mabatire, jekete ya mvula, juzi, tochi ndi madzi zikhale pamsana panu, chifukwa nkhungu ikatsika pakati pa Chambe ndi Chisepo, jekete yomwe yatsogola ndi mphindi makumi atatu singakufunditseni.