Ana asanu m'nyumba, mdima 4 koloko isanakwane: yankho kwa mayi anzathu a ku Leeds

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala mumzinda wa Leeds ku England. Andilola kuti ndiwayankhe pano, chifukwa si iwo okha amene ali ndi funso limeneli. Ali ndi ana asanu, wamkulu wa zaka 14, chitsirizira wa zaka 3, ndipo mu Seputembala anachotsa kusukulu ana anayi akuluakuluwo kuti aziwaphunzitsa okha pakhomo. Poyamba zinkayenda bwino. Koma chilowereni Novembala, ana akungokangana, m'mawa sakufuna kudzuka, nyumba yayamba kununkha chinyontho, bilu ya gasi yakwera, ndipo iwo eni akuona ngati alephera. Funso lawo n'lakuti: "Kodi inuyo tsiku lanu limayenda bwanji m'nyengo yachisanu? Kapena ndingowabweza kusukulu?"

Mayi anzanga, zikomo pondikhulupirira. Ine ndi bambo a kunyumba tikulera ana asanu ndi mmodzi kufupi ndi Manchester, ndipo onse amaphunzirira pakhomo. Tili pamtunda waufupi ndi inu, choncho mdima umene mukuunenawo ndi womwewo umene tili nawo kuno.

Ndiyambe ndi dzuwa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kwathu usana ndi usiku sizitalikirana kwenikweni. Ku Blantyre, ngakhale mu Juni chiperoni chitavuta, dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko n'kukalowa 5 koloko itadutsa. Kuno mawotchi amabwezedwa ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okutobala, ndipo pofika pa 21 Disembala, ku Leeds dzuwa limatuluka cha m'ma 8:20 m'mawa n'kulowa 4 koloko isanakwane. Usana wonse sukwana maola 8, ndipo masiku ambiri kumakhala mitambo yokhayokha. Ndandanda imene munalemba mu Seputembala inali ya masiku aatali. Ngati mukuitsatirabe, ndiye kuti maola ochepa owala aja mukuwathera patebulo ndi mabuku, ndipo mukamamaliza kunja kwada kale. Mwana amene watha masiku atatu osathamanga panja adzamenya mng'ono wake, ngakhale mumulalatire bwanji.

Ndiye ife timayamba taika kaye nthawi yotuluka panja, maphunziro n'kumabwera m'mbali mwake. Pakati pa hafu pasiti 11 ndi 1 koloko tonse timakhala tili kunja, kaya kukugwa mvula yowaza, kaya pansi pauma ndi chisanu. Timangolephera pokhapokha kukakhala mphepo yamkuntho kapena wina akadwala kwambiri. Sitipita kutali: kupaki, m'mbali mwa ngalande, kapena kuyenda wapansi kukagula mkaka kusitolo ya patali m'malo mwa yapafupi. Kuvala kokhako ndi ntchito, ndikudziwa. Ana asanu ndi majekete asanu, zipewa zisanu, magolovesi khumi ndi nsapato za mphira khumi. Aliyense akhale ndi msomali wake pakhomo ndi kathumba kake ka magolovesi ndi chipewa, ndipo zovala za mvula muzigule m'masitolo a kaunjika amene kuno amati charity shop, chifukwa mwana amazisiya zikadali zabwino. Mudzaona kuti mukabwerera, nyumba imakhala bata kwa maola awiri kapena atatu.

M'mawa sitithamanga. Ndimawasiya ana kuti adzuke kukayamba kuyera, timadya phala, ndipo tikadali patebulo pomwepo timapemphera, kenaka ndimawawerengera buku mokweza. Apa ndi pamene banja lalikulu limapindula. Mbiri yakale, jogalafe, sayansi ya zachilengedwe ndi Baibulo timaphunzira tonse pamodzi, mutu umodzi. Tikamakamba za mtsinje wa Shire kapena za mafakitale a thonje amene anakulitsa mzinda wa Manchester, wamng'ono amajambula chithunzi, wapakati amafotokoza ndi pakamwa zimene wamva, wamkulu amalemba tsamba lathunthu n'kukafufuza zambiri. Maphunziro amene sangaphatikizidwe ndi awiri okha, masamu ndi kuwerenga. Pamenepo ndimakhala ndi mwana mmodzimmodzi kwa mphindi 15 kapena 20, ena akugwira ntchito imene ndawapatsa. Musayese kukhala aphunzitsi asanu nthawi imodzi. Kusukulu mphunzitsi amagawa ola lake kwa ana 30, pamene mwana wanu akakhala nanu yekha kwa mphindi 20 amakhala walandira zambiri.

Wa zaka zitatuyo mumupatse bokosi lake limene limatsegulidwa pa nthawi ya maphunziro yokha: dongo losewerera, zivindikiro za mabotolo, makapu ndi mpunga wouma pathireyi. Komanso muziyamba ndi iyeyo. Mukamunyamula n'kumuwerengera kabuku kake ena asanayambe, savutanso kwambiri.

Mwina mukuda nkhawa kuti maola amenewa ndi ochepa. Lamulo la ku England, gawo 7 la Education Act ya 1996, limati kholo lionetsetse kuti mwana akulandira maphunziro okwanira, oyenera msinkhu wake ndi nzeru zake, kaya kusukulu kapena mwa njira ina. Silikukakamizani kuyamba 9 koloko, kutsatira silabasi ya boma yotchedwa National Curriculum, kapena kutsekera ndi kutsegulira limodzi ndi masukulu. Ana oposa 100,000 ku England amaphunzirira pakhomo, ndipo banja lililonse lili ndi kachitidwe kake. Ife mu Disembala ndi Januwale timapepuza katundu, n'kudzawonjezera mu Meyi ndi Juni pamene dzuwa limalowa 9 koloko usiku itadutsa. Chimene ndikupempheni n'chakuti muzisunga kope lolembamo zimene mwachita tsiku lililonse, ngakhale mizere itatu yokha, ndi zithunzi za ntchito za ana pafoni. A khonsolo akadzakulemberani kalata yofunsa za maphunziro a ana, mudzakhala ndi chowayankha, ndiponso tsiku limene mtima ukukuuzani kuti palibe chimene mukuchita, mudzatsegula kopelo n'kuona nokha.

Tsopano za nyumba, ndipo pano ndichedwepo chifukwa mwatchula fungo la chinyontho. Banja limene ana ake amapita kusukulu limazimitsa zotenthetsera nyumba masana. Ife sitingathe, n'chifukwa chake bilu imakwera. A zaumoyo kuno amalangiza kuti zipinda zimene mumakhalamo zizifunda madigiri osachepera 18. Ife timasankha chipinda chimodzi, chapafupi ndi khitchini, n'kumakhala momwemo tonse masana, zitseko zili zotseka, ana atavala majuzi ndi masokosi. M'zipinda zogona timachepetsa moto koma sitizimitsiratu, chifukwa khoma likazizira kwambiri ndi pamene nthunzi imasanduka madzi. Ganizirani nthunzi imene anthu asanu ndi awiri amatulutsa m'nyumba yotseka: mpweya wopuma, kusamba, mphika wa nyemba wobwata maola awiri, nsima, ndiponso zovala zochapa zoyanikidwa pa radiator, chitsulo chotenthetsera chipinda. Madzi onsewo amakathera pamawindo ndi kuseri kwa makabati, ndipo chuku chakuda chimayamba kumera. Muzivundikira miphika, muzitsegula mawindo kwa mphindi khumi m'mawa uliwonse ngakhale kukuzizira, muzipukuta madzi a pamagalasi, ndipo zovala muziyanika m'chipinda chimodzi chotseka, windo lili lotsegula pang'ono. Ngati mungakwanitse, gulani makina oyamwa chinyontho, dehumidifier. Amadya magetsi ochepa kuposa makina oumitsira zovala.

Chuku musachitenge mopepuka. Mu Disembala 2020, mwana wa zaka ziwiri, Awaab Ishak, anamwalira ku Rochdale chifukwa cha matenda a m'chifuwa amene anabwera ndi chuku cha m'nyumba ya lendi imene makolo ake anadandaula kangapo. Nkhani yake inachititsa kuti pakhale lamulo latsopano lokakamiza eni nyumba za khonsolo ndi za mabungwe kukonza msanga. Ife Amalawi timakonda kupirira, kuopa kuoneka ovuta. Ana anu amakhala m'nyumbamo usana ndi usiku, kuposa ana a kusukulu. Mukaona chuku chikubwerera ngakhale mukupukuta, jambulani zithunzi, lemberani mwini nyumba imelo, ndipo akapanda kuchitapo kanthu kauzeni a khonsolo.

Tsiku limodzi kapena awiri pa sabata, kaphunzirireni kulaibulale. N'kofunda, n'kwaulere, ndipo mwana aliyense akhoza kukhala ndi khadi lake lobwerekera mabuku. Kwanu komweko kuli nyumba zoonetsera zinthu zakale za Royal Armouries ndi Leeds City Museum, kumene kulowa salipiritsa, ndipo m'kati mwa sabata simukhala anthu ambiri. Pa Facebook fufuzani magulu a makolo ophunzitsa ana pakhomo a m'dera lanu, chifukwa ambiri amakumana m'maholo a matchalitchi nthawi yachisanu. Kumapeto kwa Januwale bungwe loteteza mbalame la RSPB limapempha anthu kuti awerenge mbalame zobwera pakhomo pawo kwa ola limodzi, ndipo ana amasangalala nazo kwambiri.

Pali zinthu ziwiri za umoyo zimene mabanja ngati athu amaphonya. Choyamba ndi vitamini D. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi dzuwa la kuno lilibe mphamvu yoti thupi lipange vitamini ameneyu, ndipo a NHS, bungwe la boma la zaumoyo, amalangiza mamaikilogalamu 10 pa tsiku. Kwa ife a khungu lakuda amati tiganizire zomwa chaka chonse, chimodzimodzinso ana a chaka chimodzi mpaka zaka 4. Chachiwiri ndi katemera wa fuluwenza wopopera m'mphuno. Ana ambiri amalandirira kusukulu, ndiye anu akhoza kudumphidwa. Nawonso ali ndi ufulu wolandira. Funsani kwa GP wanu, dokotala wa banja lanu, kuti akulozereni gulu lopereka katemera kwa ana a msinkhu wa sukulu m'dera lanu.

Ndikufuna ndinenepo za mwana wanu wamkulu, makamaka ngati ndi wamkazi. Tinakula tikudziwa kuti mwana wamkulu amabereka ang'ono ake kumsana, ndipo ndi chinthu chabwino chimene sindifuna ana anga ataye. Koma m'banja lophunzirira pakhomo, nthawi yachisanu pamene mayi watopa, n'kosavuta kuti mwana wa zaka 14 asanduke mayi wachiwiri ndi mphunzitsi wothandizira, maphunziro ake n'kumatsalira. Iye sadzadandaula, chifukwa tinamuphunzitsa ulemu. Mupatseni ntchito yodziwika malire ake, monga kuwerengera wamng'ono kwa theka la ola kapena kuphika Lachitatu, ndipo ikatha yatha. Akhale ndi maola ake awiri kapena atatu masana pamalo pamene ang'ono sakulowa. Akhalenso ndi anzake a msinkhu wake, kaya ku gulu la achinyamata kutchalitchi, kaya ku masewera. BBC Bitesize ndi Oak National Academy zili ndi maphunziro aulere pa intaneti amene angatsatire yekha. Yambaninso panopa kuganizira za GCSE, mayeso amene ana kuno amalemba ali ndi zaka pafupifupi 16. Mwana wophunzirira pakhomo amalemba ngati private candidate, makolo ndi amene amafufuza malo olembera ndi kulipira, ndipo mtengo wake kawirikawiri umapitirira mapaundi 100 pa phunziro lililonse. Mayina a olemba mayeso a mu Meyi ndi Juni amatsekedwa mu Febuluwale, malo ena amatseka msanga kuposa pamenepo. Mabanja ambiri amasankha IGCSE, mtundu wina wa mayeso omwewa, chifukwa maphunziro ake ambiri amayesedwa ndi mayeso olemba okha, ndipo amagawa mayesowo pa zaka ziwiri kuti ndalama isachoke nthawi imodzi.

Kukada 4 koloko, timatseka makatani n'kulowa kukhitchini. Kuphika kulinso ndi masamu ake: mwana amene wachulukitsa kawiri muyeso wa ufa wa mandazi waphunzira kanthu. Madzulo aatali amenewa ndi amene asunga Chichewa m'nyumba mwathu. Tikatha kudya wina amati "Padangokhala," ena n'kuvomera "Tili tonse," ndipo Kalulu ndi Fisi amalowa m'nyumba. Agogo awo timawaimbira pa WhatsApp nthawi imeneyi, poti nthawi yachisanu Malawi amakhala patsogolo ndi maola awiri, ndipo iwo ndi amene amawaponyera zilape zimene ine ndinaziiwala. Ana akakhala kusukulu tsiku lonse, mpata wotere supezeka kawirikawiri.

Pa funso lanu lomaliza, kuwabweza kusukulu si tchimo ndipo si kulephera. Pali mabanja amene amabweza mwana mmodzi kapena awiri n'kutsala ndi ena, ndipo zimawayendera. Pempho langa n'lakuti musagamule nkhani imeneyi mu Disembala. Yesani kutuluka masana aliwonse, pepuzani ndandanda, konzani za chinyontho, ndipo mudzaiunikenso mu Malichi masiku atatalika, muli pansi ndi bambo a ana komanso mutamva maganizo a ana akuluakuluwo. Koma ngati inuyo mwatha milungu iwiri kapena kuposa mukungolira, tulo tikusowa kapena mukulephera kudzuka, ndipo zimene zinkakusangalatsani sizikukomanso, musadikire Malichi. Pitani kwa GP sabata ino, chifukwa matenda a maganizo obwera ndi nyengo ya mdima ndi odziwika kuno ndipo ali ndi chithandizo. Uzaninso mayi mmodzi wa kutchalitchi kapena wa gulu la Amalawi amene angatenge ana ang'onoang'ono Loweruka masana kuti mupumeko.

Mukadzasankha zowabweza, mudzalembera ku khonsolo ya Leeds kupempha malo a m'kati mwa chaka. Malo adzapezeka, koma mwina osati pa sukulu imene anachoka, ndipo mwina ana sadzakhala pa sukulu imodzi. Wa zaka 14 ndi amene nthawi ikumuthera, chifukwa anzake ayamba kale kapena ali pafupi kuyamba maphunziro a GCSE, choncho nkhani yake muiyambe ndiyo.