Funsani Tikuyankheni: Kodi Amayi Anga Odwala Sitiroko Ndiziwachitira Zonse?

FUNSO: Ndine mayi wa ku Bembeke, m'boma la Dedza. Amayi anga ondibereka, a zaka 63, anadwala sitiroko mwezi wa Epulo ndipo dzanja ndi mwendo wakumanja zinafooka. Atatuluka m'chipatala ndinawatenga kuti tizikhala limodzi, ndipo tsiku lililonse ndimawasambitsa, kuwaveka ndi kuwadyetsa, chifukwa sindifuna kuti azivutika. Panopa akuyenda pang'ono ndi ndodo, koma amangokhala duu pakhonde, nthawi zina misozi ili m'masaya. Kuchipatala anatiuza kuti kuwonjezera pa mafizo, amayiwa akufunika thandizo lotchedwa occupational therapy. Kodi thandizoli ndi lotani, nanga munthu amene sanalembedwepo ntchito lingamupindulire chiyani?

YANKHO: Pepani kwambiri, mayi, ndi matenda amene agwa pakhomo panu, ndipo mwachita bwino kuwasunga pafupi amayi anu. Dzina la occupational therapy, lomwe likutanthauza thandizo lodzera mu ntchito, limasokoneza ambiri chifukwa amaganiza kuti likunena za ntchito yapatikiti. Ntchito imene akatswiri a thandizoli amanena ndi chilichonse chimene munthu amachita kuyambira podzuka kufikira pogona: kusamba, kumanga chitenje, kutema nsima, kupita kuchimbudzi, kusankha nyemba, kupita kutchalitchi kapena kukagulitsa kachewere pamsika. Wa mafizo amalimbitsa mnofu ndi mfundo kuti mwendo uponde ndiponso mkono utambasuke, pamene wa occupational therapy amafunsa chimene mwini mkonowo akufuna kuchita nawo, kenaka amamuphunzitsa pogwiritsa ntchito chinthu chomwecho. Bungwe loyamba la akatswiriwa linakhazikitsidwa ku America mu 1917, ndipo ntchito yawo inakula pothandiza asilikali ovulala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, amene ankapatsidwa zoluka ndi zaukalipentala kuti manja ndi maganizo awo zibwerere m'malo.

Ndikuuzeni mosabisa kuti chikondi chimene mukuonetsa powachitira zonse chikhoza kuchedwetsa kuchira kwawo. Sitiroko imaononga gawo la ubongo, ndipo magawo otsalawo amaphunzira kutenga ntchito ya gawo loonongekalo makamaka ngati chiwalo chikugwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza. Kusintha kwakukulu kumaoneka kawirikawiri m'miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yoyambirira, ngakhale kuti kumapitirirabe pambuyo pake, choncho masiku amene muli nawowa ndi amtengo wapatali. Komanso taganizirani mtima wa munthu amene wakhala akuphikira banja zaka makumi anayi, lero akuikidwa supuni m'kamwa ndi mwana amene anamubereka kumbuyo. Misozi imene mukuionayo mwina ikuchokera pamenepo. Ikapitirira, kapena akayamba kukana chakudya ndi kusowa tulo, kauzeni adokotala, pakuti matenda a kukhumudwa amabwera kawirikawiri pambuyo pa sitiroko ndipo ali ndi chithandizo.

Yambani ndi kuvala. Amayi akhale pampando wolimba, mapazi onse ataponda pansi, bulauzi ili pamiyendo pawo. Dzanja lofooka ndilo liyambe kulowa m'mkono wa bulauziyo, aikokere mpaka paphewa ndi dzanja lamphamvu, kenaka alowetse dzanja lamphamvulo. Povula, lamphamvu ndilo liyambe kutuluka. Masiku oyamba zitenga nthawi yaitali, ndipo manja anu adzayabwa kufuna kuwathandiza, koma agwireni, muthandize pokhapokha pamene akanikiratu. Sankhani zovala zotakasuka zopanda mabatani ang'onoang'ono, ndipo chitenje mukhoza kuchisokera lasitiki m'chiuno kwa telala kuti chisavute kumanga.

Pa chakudya pali nkhani imene mabanja ambiri amaizemba. Kwathu kuno kudya ndi dzanja lamanzere kumaoneka ngati kupanda mwambo, moti achikulire ena amalola kudyetsedwa kapena kugona ndi njala kusiyana ndi kuti adzukulu awaone akutema nsima ndi kumanzere. Auzeni amayi, ndipo auzeninso onse apakhomo, kuti palibe chamanyazi pamenepo. Pamene akudya ndi lamanzere, lamanja lisalendewere pambali. Liikeni patebulo kapena pamtsamiro, ligwirizize mbale, kuti maso awo azilionabe ndipo ubongo usaliiwale. Zala zikayamba kugwira, kulungani chigwiriro cha supuni ndi nsalu kapena malegeni a chubu cha njinga mpaka chinenepe, chifukwa chinthu chonenepa chimagwirika msanga ndi dzanja lofooka kusiyana ndi chopyapyala. Azidya atakhala tsonga, ndipo ngati akutsamwa kapena kukhosomola pomwa madzi, musazengereze kukanena kuchipatala, pakuti chakudya chikalowa m'mapapo chimayambitsa chibayo.

Ndinafikapo pakhomo pena kufupi ndi Linthipe pamene mwana wa wodwala anachita zimene anamulangiza ndi zinthu za pakhomo pomwepo. Anaboola pakati mpando wakale wathabwa n'kuuika pamwamba pa dzenje la chimbudzi kuti bambo ake asamavutike kunjuta, anazika mitengo iwiri ya bulugama n'kupingasa wachitatu kuti azigwirira, ndipo m'bafa anachotsa miyala yoterera n'kuikamo kampando. Sopo anamulowetsa m'sokosi yakale imene anaimangirira pamtengo kuti asamagwe pansi. Tsiku limene ndinafika, bambowo anatuluka m'bafa okha, thaulo lili paphewa, ndipo anandipatsa moni ndi dzanja lomwe linafookalo, lina atalichirikiza pachigongono monga mwa ulemu wathu.

Zinthu ziwiri muzisamale kwambiri. Musawadzutse powakoka mkono wofooka, chifukwa minofu yogwira phewa ikafooka, mfundoyo imatha kuguluka pang'ono n'kusiya ululu wosatherapo. Chinanso ndi moto. Kuzizira kwa ku Bembeke m'miyezi ya Juni ndi Julaye nonse mukukudziwa, ndipo munthu amene mbali ina ili ndi dzanzi akhoza kupsa pambaula osamva kanthu. Pootha, mbali yofooka ikhale kutali ndi moto, ndipo madzi osamba aziwayesa ndi dzanja labwinolo.

Tsono abwezereni amayi ntchito zawo pang'onopang'ono. Apatseni lichero la nyemba asankhe, atonole chimanga, asadzule masamba a nkhwani, akuuzeni ngati mchere wakwana m'ndiwo. Ngati mawu akuwavuta kutuluka, dziwani kuti zimenezi zimachitika kawirikawiri kwa amene afooka mbali yakumanja, chifukwa mwa anthu ambiri gawo la ubongo loyendetsa mbali imeneyo ndi lomwenso limasunga chilankhulo. Nzeru zawo zilipo. Alankhuleni ngati munthu wamkulu, adikireni amalize okha mawu, ndipo amayi anzawo a kumpingo akabwera kudzazonda, apempheni aimbe nawo nyimbo zimene amazidziwa, pakuti ena amene akulephera kulankhula amatha kuimba.

Akatswiri a occupational therapy ndi ochepa m'dziko muno, choncho yambirani kumene amayi akuchitira mafizo, mufotokoze ntchito zenizeni zimene zikuwakanika, ndipo mupemphe kalata ngati pakufunika kukaonana ndi katswiri ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Ku Blantyre kulinso Kachere Rehabilitation Centre, ya bungwe la Malawi Against Physical Disabilities, kumene amagoneka anthu odwala sitiroko ndi ovulala msana kuti aphunzirenso kudzisamalira. Ngati amayi anapatsidwa mankhwala a BP, asawadukize ngakhale akumva bwino, chifukwa kuthamanga kwa magazi ndiko kumayambitsa sitiroko mwa anthu ambiri ndipo ikhoza kubweranso.

FUNSO: Ndine bambo wa ku Mayani. Mwana wathu wa zaka zitatu anachedwa kulira pobadwa, ndipo mpaka lero sakhala yekha, khosi limagwera kumbuyo. Kodi thandizoli ndi la akuluakulu okha?

YANKHO: Ayi, bambo, ana ndi ena mwa amene amapindula nalo kwambiri, pakuti ntchito ya mwana ndi kusewera, kudya ndi kuphunzira. Zimene mwafotokozazi zimaoneka mwa ana amene ubongo wawo unasowa mpweya pobadwa kapena unavulala ndi malungo aakulu, ndipo si ufiti kapena kulakwa kwa amake. Pitani naye kuchipatala akamupime, inuyo mukhalepo limodzi ndi amake kuti nonse muphunzire kagwiridwe kake. Mukafunsenso za kampando kapangodya kochirikiza msana ndi mutu, kamene kalipentala akhoza kukhoma atapatsidwa miyeso, ndipo ena amakapanga ndi makatoni omatidwa ndi phala la ufa. Musamusiye chagada pamphasa tsiku lonse m'nyumba. Mukhazikeni pabwalo pamene anzake akusewera, mumuikire patsogolo kachitini ka timiyala kotseka bwino kuti azikafikira ndi kukagwedeza, ndipo pomudyetsa chibwano chiziweramira pang'ono kutsogolo kuti phala lisalowe njira ya mpweya.